Chaka Chimene Abambo Anandikhwimitsa

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu pamene ndinazindikira kuti msana wa amayi si wanga ndekha. Kufikira nthawi imeneyo ndinkapita paliponse ndili pamsana pomwepo, kaya ndi kutchalitchi, kuchigayo, kumsika wa ku Chisepo kapena kusukulu. Anthu a m'mudzi mwathu ndinkawaonera pamwamba, moti ndinkadziwa amene ayamba dazi iwo eni asanadziwe, ndipo sindinkachedwa kuwauza.

Ndinabadwa ndi vuto limene achipatala amati ubongo unavulala pobadwa. Amayi ankangonena kuti ndinachedwa kulira. Nzeru zinalipo, manja ankagwira ntchito ngakhale lamanzere linali laulesi pang'ono, koma miyendo inali youma gwa. Ndikati ndiimirire, zidendene zinkakana kufika pansi, maondo n'kugundana, mapazi n'kupingasana. Pakhomo ndinkakwawa kapena kuyenda chogwirira khoma. Chimene sichinalumale ndi pakamwa, ndipo ambiri ankati n'kumene mphamvu zonse za miyendo zinathawira.

Sukulu inali pafupi, pamtunda, moti belu tinkalimva tili pakhonde. Amayi ankandibereka m'mawa kukandisiya m'kalasi, kubweranso pa buleki kudzandipititsa kuchimbudzi, kenako kudzanditenga poweruka. Ndinkaikonda sukulu kuposa chilichonse, chifukwa m'kalasi aliyense amakhala pansi, ndipo tikakhala pansi panalibe wondiposa.

Chaka chimenecho amayi anakhala ndi pakati. Poyamba ndinangoona kuti chitenje chikuvuta kumanga ndiponso kuti akupumira m'mwamba pokwera mtunda. Kenako kusikelo anawaletsa kunyamula katundu wolemera, ndipo katundu wolemera wa pakhomo pathu ndinali ine. Mwana ankayembekezeka cha m'Khirisimasi. Zaka zimenezo sukulu inkatsegulidwa mu Januwale, mwezi umene mlimi wa fodya amalawirira kumunda n'kubwerako dzuwa litalowa, choncho abambo sakanatha kumayenda maulendo a amayi aja. Panalibe amene anandibisira. Ngati pofika Januwale sindidzatha kukwera mtunda uja ndekha ndi kudzipititsa kuchimbudzi, ndiye kuti sukulu yathera mu Sitandade wani. Ndinalira tsiku lonse, ndipo mwana wosabadwayo ndinamuda.

Kuchipatala cha kumishoni kunkabwera mayi wina pa njinga yamoto kamodzi pamwezi kudzachititsa mafizo ana onga ine. Dzina lake sitinkalitchula, tinkangoti Amafizo. Ankatigoneka pamphasa n'kumawongola miyendo pang'onopang'ono, ine n'kumakuwa ngati mbuzi yomangidwa pa njinga. Tsiku lina amayi anawauza mongocheza kuti mwanayu amafewa pokhapokha akamusambitsa madzi ofunda m'bafa. Amafizo anasiya mwendo wanga n'kutchera khutu. Anafotokoza kuti kuzipatala zina zikuluzikulu kuli maiwe a madzi ofunda ochitiramo mafizo, chifukwa kufunda kumamasula minyewa, ndipo madzi amanyamula thupi kuti miyendo iphunzire kuyenda isanasenze katundu yense. Koma anachenjeza kuti tisayerekeze kupita kumtsinje. Madzi ozizira a m'mapiri mwathu akanangoumitsa miyendo, kuwonjezera apo likodzo.

Tsiku limenelo abambo anali nafe, poti ndiwo anandinyamula. Anali munthu wosalankhulalankhula, wamtali, wa manja akuda ndi utomoni wa fodya. Anafunsa kuya kwake, kutalika kwake, ndiponso kuti madziwo azifunda motani. Atayankhidwa anangoti zikomo, tinabwerera kunyumba.

M'mawa mwake anayamba kukumba kudimba, kumunsi kwa nazale ya fodya. Linali dzenje lalitali, lopapatiza, lofika munthu wamkulu m'chiuno. Odutsa ankaima n'kufunsa kuti wamwalira ndani, ndipo kunena zoona linkaoneka ngati manda. Mkati mwake anayalamo pepala lakuda la pulasitiki limene anagulira denga la chigafa, uku ndi uku n'kumangirira mitengo iwiri ya bulugama yosenda bwino kuti ndizigwirira. M'mawa ankatunga madzi pachitsime ndi makheni othirira mbande, kudzaza dzenje, n'kuphimba ndi pepala lina kuti dzuwa lichite ntchito yake. Madzi akakhalitsa ankawatungira ku nazale n'kuthiramo ena. Amafizo anabwera kudzaliona, anaseka mpaka kugwira m'mimba, koma analivomereza. Anawaonetsa abambo kagwiridwe ndi kawongoledwe ka miyendo, nawalamula kuti ndisadzalowemo popanda munthu wamkulu ndiponso kuti liziphimbidwa nthawi zonse. Anakambirananso zina kwa nthawi yaitali, koma ine sindinamve, maso anali pa njinga yamoto.

Tsiku loyamba kulowamo sindidzaliiwala. Kunali kotentha, nyenje zikulira m'mitengo, fungo la dothi lonyowa la nazale lili ponseponse. Abambo anapinda buluku, kutsikiramo, n'kundilandira. Madzi anandifika pachifuwa, ofunda ngati tiyi amene wayamba kupola. Ndinawakakamira m'khosi ndi mantha. Anandisiya choncho mpaka ndinamva miyendo ikulekana yokha, thupi likupepuka. Kenako chidendene chakumanja chinagunda pansi. M'moyo wanga wonse ndinali ndisanapondepo ndi chidendene, ndipo ndinadabwa kuti pansi pamamveka chonchi. Ndinagwira mitengo ija, abambo akubwerera chammbuyo, ine ndikuwatsatira. Ndinayenda kuchoka kumapeto kufika kumapeto. Amayi anali atakhala pandowa yovundikira, ndipo analuluta ngati pa ukwati.

Kuyambira pamenepo dzenje lija linasanduka kwathu. Masana aliwonse dzuwa likapendeka tinkatsikira kudimba. Ndinkayenda chamtsogolo, chammbuyo, chammbali, kukweza bondo, kunjuta n'kudzukanso. Ndinkalamula abambo ngati kapitawo, iwo n'kumangomvera. M'madzimo ndinali mwana ngati mwana aliyense, ndipo ndinkakhulupirira kuti miyendo yanga yeniyeni imakhala m'menemo, yapamtunda ndi yobwereka.

Koma m'mudzi munali nkhani ina imene sindinkaidziwa. Fodya wa abambo ankachita bwino chaka ndi chaka, ndipo kwathu munthu akamakolola kuposa anzake pamene ali ndi mwana wolumala, pamakhala ena owerengera zinthu ziwirizo pamodzi. Amati anakhwimira mwanayo, kutanthauza kuti anapita kwa sing'anga n'kupereka miyendo kapena nzeru za mwana wake kuti alemere. Amene anandiuza ndi Dorika, mnzanga wa nyumba yoyandikana nafe, tikusewera phada pakhonde. Sananene mwachipongwe ayi. Ananena ngati mmene munthu anganenere kuti kwachita mitambo.

"Amama akuti ababa ako anakukhwimira fodya. Akuti n'chifukwa chake akukumbira dzenje pafupi ndi nazale, n'kumathirira mbande madzi amene wasambamo."

Ndinamutukwana mpaka agogo ake, ndipo anathawa akulira. Koma mawu aja anatsala. Zoti madzi anga ankapita ku mbande zinali zoona, ndinkaziona ndi maso anga.

Chakumayambiriro kwa Novembala zinthu zinasintha. Ndinalowa m'dzenje n'kupeza madzi akulekeza m'mimba. Ndinaganiza kuti abambo atopa kutunga. Patapita masiku anafika m'chiuno. Thupi linayamba kulemera, zidendene n'kumafuna kuthawanso pansi, ndipo ndikatuluka ntchafu zinkanjenjemera ndi ululu. Ndinadandaula, ndinanyengerera, ndinawauza kuti ndi aumbombo, akukondera fodya. Iwo ankangoti ndigwire mitengo ndiyende. Chisangalalo chonse chija chinatha, kudimba kunasanduka kokagwira ntchito.

Tsiku lina titamaliza, anandikhazika pamthunzi wa nthochi kuti ndiume, iwo n'kumaphimba dzenje. Amayi anali pafupi nawo akuthyola mpiru. Ndinamva amayi akunena motsitsa mawu kuti mwanayu akumva kuwawa, bwanji amuwonjezereko madzi pang'ono.

"Iyayi, amake Agata," anatero abambo, kuwaitanira dzina langa. "Mvula yayandikira. Ino ndiye nthawi yomukhwimitsa. Tikamumvera chisoni pano, zonsezi tavutika chabe."

Amayi sanatsutse. Anangopitiriza kuthyola ndiwo. Ndinali nditamva ndi makutu anga, kuchokera pakamwa pa mwini wake, ndipo amayi anali kudziwa. Mvula ikagwa amawokera fodya, choncho m'mutu mwanga zonse zinagwirizana bwinobwino. Mantha amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvenso mpaka lero. Sindinkaopa kufa kwenikweni. Chinkandiwawa n'chakuti munthu amene ndinkamukakamira m'khosi masana aliwonse ndi amene anandipanga chonchi.

Mawa lake abambo atabwera kudzanditenga, ndinakumbatira nsanamira ya khonde ndi manja onse awiri, ngakhale laulesi lija linagwira ntchito tsiku limenelo. Abambo anayesa kundinyamula, ine n'kukuwa. Inali nthawi imene amayi ambiri amachokera kumjigo, ndipo njira yake inkadutsa pakhomo pathu. Ndinakuwa kuti aliyense amve.

"Sindipita! Munandikhwimira fodya wanu, ndamva ndekha! Mukufuna mundimalize!"

Amayi a ndowa pamutu aja anaima. Amayi anga anatuluka m'khitchini atagwira pakamwa. Abambo anandisiya pang'onopang'ono, n'kukhala pansi pakhonde, manja ali pamaondo. Sanakalipe. Nkhope yawo inangogwa, ndipo anaoneka okalamba mwadzidzidzi. Anakhala choncho mpaka anthu aja anachita manyazi n'kumapita. Kenako anandifunsa chimene ndinamva, ndipo ndinabwereza mawu awo onse mosaphonya, poti kukumbukira mawu a anthu inali ntchito yanga. Anapukusa mutu. Anati sitipita kudzenje, koma pali chinthu akufuna akandionetse, ndipo amayi atiperekeza. Ndinavomera chifukwa cha amayiwo.

Anandikhazika m'mbali mwa bedi la mbande. Panali patapita nthawi ndisanaliyang'anitsitse, ndipo ndinadabwa. Udzu wophimbira unali utachotsedwa, dothi lili gwa, mbande zitafota ndi dzuwa, masamba akuoneka achikasu. Zinkaoneka ngati za mlimi waulesi. Abambo anati anasiya dala kuzithirira. Anapita pakona pamene madzi a pachitsime ankadonthera, nazula mbande imodzi yobiriwira bwino, yonenepa, n'kundipatsa kuti ndiikulunge pachala. Inathyoka nthawi yomweyo. Anazulanso ina mwa zofota zija. Imeneyo inazungulira chala changa ngati chingwe, ndipo nditaisiya inawongoka.

Anafotokoza kuti mbande yozolowera kheni m'mawa ndi madzulo imaoneka bwino pa nazale, koma ukaiwokera kumunda, dzuwa la tsiku limodzi limaipha. N'chifukwa chake mvula ikayandikira mlimi amachepetsa madzi pang'onopang'ono mpaka kusiyiratu, ndipo ntchito imeneyo dzina lake ndi kukhwimitsa mbande. Anati Amafizo ndiwo anawauza tsiku lija kuti madzi a m'dzenje azitsika, kuti miyendo izolowere kusenza thupi lake, poti kusukulu kulibe dzenje. Iwo atamva anangoti ntchito imeneyo akuidziwa, amaigwira chaka chilichonse.

Abambo anafikisa dothi m'manja.

"Zoti ndinakukhwimira ndinayamba kuzimva iwe usanadziwe kulankhula," anatero. "Kumowa, kumaliro, ngakhale pakhomo la tchalitchi. Sindinayankhepo munthu. Ndimati udzawayankha ndiwe ukadzadutsa pakhomo pawo ndi miyendo yako."

Manyazi anandigwira, chisoni chinandigwira, koma koposa zonse mtima unakhala pansi moti ndikanatha kugona pomwepo. Kupepesa sindinkakudziwa bwino, choncho ndinachita zimene ndinkadziwa. Ndinawafunsa ngati tsopano ine ndasanduka fodya.

"Fodya ndi wabwino," anatero abambo. "Sayankha mwano."

Amayi anaseka misozi ili m'maso. Tsiku limenelo sindinalowe m'madzi, tinangobwerera kunyumba.

Masabata otsatirawo anali owawa, ndisaname. Madzi anatsika kufika m'ntchafu, kenako m'maondo. Ndinkagwa, kumwa madzi amatope, kutukwana mitengo ya bulugama, n'kudzukanso. Abambo sankandidzutsa. Ankagwada pafupi, manja ali okonzeka, n'kumandikumbutsa zimene Amafizo anatiphunzitsa, kuti ndiyambe ndagwada, ndiponde phazi limodzi, kenako ndikankhe. Mvula yoyamba itagwa dzenje linadzaza mpaka pakamwa, ine n'kusangalala kuti Mulungu ali mbali yanga, koma abambo anakapungula ndi ndowa asanapite kowokera. Pamene madzi ankafika mu akakolo, dzenjelo linali litatha ntchito. Anazula mitengo ija n'kudzaizika pabwalo la pakhomo, ndipo Amafizo anandibweretsera ndodo ziwiri zogwirira m'mikono zimene kalipentala wa kumishoni anapala molingana ndi msinkhu wanga.

Khirisimasi itangodutsa kunabadwa mlongo wanga Yohane, wondiponda pamutu. Ndinamuyang'ana bwinobwino ndipo ndinapeza kuti alibe mlandu. Ndinamuuza kuti msanawo atenge, koma adziwe kuti ndinausiya ndekha.

Tsiku lotsegulira sukulu kunacha ndi kamvula kowaza. Njira yathu ya dothi lofiira inali yoterera, chimanga uku ndi uku chikufika m'chiuno. Abambo anali atalawirira kale kumunda. Ndinavala yunifolomu, kukoleka thumba la mabuku kumsana, n'kugwira ndodo zanga. Amayi ankabwera pambuyo, Yohane ali kumsana, ndipo tinapangana kuti asandigwire. Ana anzanga ankatipitirira akuthamanga. Belu linalira ndisanafike ndi theka lomwe. Pakhomo la kwa a Dorika amayi ake anali akusesa, ndipo anaima tsache lili m'manja. Ndinawapatsa moni mwaulemu wonse, mokweza, kuti asadzanene kuti sanandione. Anayankha mochedwa, maso ali pa mapazi anga.

Pokwera mtunda ndodo inaterera ndipo ndinagwa chafufumimba m'matope. Ndinamva amayi akuthamangira, koma anaima asanandikhudze. Ndinagwada, kuponda phazi limodzi, n'kukankha. Yunifolomu inali itafiira kutsogolo konse, bondo likutuluka magazi, koma ndinali chiimire. Nditacheuka ndinaona Dorika wabwerera kuchokera kutsogolo. Anangotola thumba langa limene linagwa n'kumayenda pambali panga, mwa liwiro langa.

Tinafika anzathu atalowa kale. Aphunzitsi anasiya kulemba pabolodi, kalasi yonse n'kutembenuka. Wina anayamba kuwomba m'manja, ena onse n'kutsatira, mpaka a m'kalasi yoyandikana anasuzumira pawindo. Ndinayenda mpaka kutsogolo ndikudontha matope, ndipo ndinanyada kwambiri moti ndikanakonda kalasiyo ikanatalika. Pa buleki amayi anali atapita kale kunyumba kukayamwitsa. Ndinatenga ndodo zanga, kudutsa bwalo lonse, kulowa m'chimbudzi, n'kudzitsekera chitseko. Aliyense amachita zimenezi osaganizako, koma ine ndinaima m'menemo kwa kanthawi ndikuseka ndekha.

Madzulo abambo atabwera, amayi anawafotokozera zonse, ine n'kumakonza pamene alakwitsa. Anamvetsera akusamba m'manja. Kenako anayang'ana bondo langa n'kunena kuti mawa ndinyamuke msanga, belu silidikira munthu. Koma anatuluka n'kukaima kuseri kwa chigafa nthawi yaitali, ndipo amayi anandiletsa kuwaitana.

Sindinachire, ndipo sindifuna wina awerenge izi n'kuganiza kuti madzi amachiza vuto ngati langa. Mpaka lero ndimayenda ndi ndodo, mwezi wa Juni miyendo imauma, ndipo mafizo sindinasiye. Koma sukulu ndinamaliza, ndipo pano ndimaphunzitsa ana a Sitandade folo kuno ku Ntchisi. Makolo a ana onga ine akandifunsa, ndimawauza kuti ayambe aonana ndi a mafizo asanakumbe chilichonse, ndiponso kuti mwana asamusiye yekha pamadzi ngakhale pang'ono.

Abambo anatisiya zaka zingapo zapitazo. Chimene ndachimvetsa mochedwa ndachimvetsa chifukwa nanenso ndine kholo tsopano. Mwana wanga akangolira pang'ono ndimamupatsa chimene ndinamukaniza, ndipo akanena kuti sandikonda, tsiku lonse limandiipira. Abambo anatchedwa mfiti ndi mwana wawo yemwe, masana, pamaso pa anthu amene anawanena kwa zaka zambiri. Anali ndi chitsime pafupi, makheni ali pomwepo, ndipo ankadziwa bwino chimene chikanandisangalatsa. Ndikanakhala ine, ndikanadzaza dzenje lija mpaka pachifuwa kuti mwana andikumbatirenso. Amayi anandiuza nditakula kuti m'mawa wa tsiku lotsatira anawaona akutsikira kudimba, maso ali ofiira. Anakavundukula pepala lija n'kuchotsamonso madzi ena.